CHIFUKWA NINJI OSAUKA A KU GLASGOW AMAFA MSANGA?

Ndi Mtolankhani Wathu

M'chaka cha 2008 bungwe la mitundu yonse loyang'anira za umoyo, la World Health Organization, linatulutsa lipoti limene linachititsa manyazi dziko la Britain. Lipotilo linatchula madera awiri a ku Scotland otalikirana ngati mailosi 8 okha. M'dera loyamba, la Calton, limene liri chakum'mawa mu mzinda wa Glasgow, mwana wamwamuna wobadwa kumeneko anayembekezeka kukhala ndi moyo zaka 54. M'dera lachiwiri, la Lenzie, kumene kumakhala anthu opeza bwino, mwana wamwamuna anayembekezeka kufika zaka 82. Kusiyana kwake kunali zaka 28. Ana awiriwa anali a dziko limodzi, omvera malamulo amodzi, ndipo onse anali ndi ufulu wopita kuchipatala osalipira ngakhale kobiri. Komatu lipoti lomwelo linasonyeza kuti mwamuna wa ku India, dziko losauka koposa Britain, anayembekezeka kufika zaka 62.

Awerengi ayenera kumvetsa bwino tanthauzo la chiwerengero chotere. Akatswiri amasonkhanitsa imfa zonse za m'dera, nayang'ana msinkhu wa munthu aliyense amene anamwalira, ndipo pomwepo amafunsa kuti: mwana wobadwa lero adzafika zaka zingati ngati zinthu zikhalabe monga ziri? Imfa ya mnyamata wa zaka 25 imatsitsa chiwerengerocho kwambiri koposa imfa ya nkhalamba ya zaka 75. Chotero chiwerengero chotsika chimaulula kuti m'deralo maliro a achinyamata ndi a anthu a msinkhu wogwira ntchito ngochuluka. Kuyeneranso kunenedwa kuti Calton ndi dera laling'ono, ndipo pa zaka zimene chiwerengerocho chinatengedwa, kuyambira 1998 kufikira 2002, munali nyumba zogonamo amuna osowa pokhala, amene ambiri a iwo anafika kumeneko ali odwala kale. Ziwerengero za zaka zotsatira zinakwera kupitirira 60.

Ngakhale ziri tero, mpata wa pakati pa osauka ndi olemera sunatsekeke. Ofesi yosunga mabuku a kubadwa ndi imfa, ya National Records of Scotland, yasonyeza m'malipoti ake a zaka za m'ma 2020 kuti mwamuna wa m'madera osaukitsitsa amapereweredwa zaka ngati 13 pomuyerekeza ndi mwamuna wa m'madera olemera koposa, ndipo mkazi amapereweredwa zaka ngati 10. Akawerenga zaka zokha zimene munthu amakhala wathanzi, asanagwidwe ndi nthenda yokhalitsa, kusiyanako kumapitirira zaka 20. Mu 2011 Dotolo Gerry McCartney analemba ziwerengero zotere pa mapu a njanji ya mu mzinda wa Glasgow. Ku Jordanhill, kumadzulo, mwamuna anayembekezeka kufika zaka pafupifupi 76. Ku Bridgeton, kum'mawa, zaka pafupifupi 62. Pa ulendo waufupi umenewu, siteshoni iri yonse imene sitima inapitirira inali kuchotsa zaka ngati ziwiri.

MOYO WA M'CHIPINDA CHIMODZI

Mzinda wa Glasgow si wachilendo kwa anthu a m'Malawi. Sitima ya Ilala imene imayenda pa nyanja inakhomedwa ku Scotstoun, pa mtsinje wa Clyde, mu 1949, nibwera nayo zidutswazidutswa kudzailumikiza kuno. Mzinda wa Blantyre unatenga dzina lake kwa mudzi wa m'mbali mwa mtsinje womwewo, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Banja la Livingstone linali kukhala m'chipinda chimodzi, m'nyumba ya antchito a fakitale ya thonje, ndipo iye mwini analowa ntchito m'fakitaleyo ali ndi zaka 10, kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku. Umo ndimo anali kukhalira antchito ambiri a ku Scotland masiku amenewo, ndipo nkhani ya imfa za osauka imayambira pomwepo.

Mu 1842 Edwin Chadwick anapereka kwa Boma la Britain lipoti lake la ukhondo wa anthu apantchito. Iye anapeza kuti mu mzinda wa Manchester anthu a m'mabanja olemekezeka anali kufa pa msinkhu wapakati wa zaka 38, koma a m'mabanja a antchito wamba pa zaka 17, pakuti makanda awo ambiri sanali kufika zaka zisanu. Ku Liverpool zinali zaka 35 ndi 15. Atayendera tinjira ta mu Glasgow, anachitira umboni kuti sanaone kwina kuli konse m'Britain kumene anthu anali kukhala moipa chotero. Nthenda ya kolera inasesa anthu zikwi mu mzindawo mu 1832, mu 1848 ndi mu 1853.

Mankhwala oyamba amene anathandiza anali madzi. Akuluakulu a mzinda anakumba ngalande ya mailosi oposa 25 kuchokera ku nyanja ya m'mapiri yotchedwa Loch Katrine, ndipo Mfumukazi Victoria inatsegula madziwo mu 1859. Pamene kolera inabweranso mu 1866, akufa mu Glasgow sanakwane 100. Koma madzi sanakulitse nyumba. Dotolo James Burn Russell, amene anali mkulu wa za umoyo mu mzindawo kuyambira 1872, anasonyeza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse anali kukhala m'nyumba ya chipinda chimodzi, momwemo kuphikira, momwemo kugona, momwemonso kugoneka maliro, ndi kuti imfa zinali kuchuluka monga momwe zipinda zinali kuchepera.

CHIPATALA CHA ONSE

Pa 5 July 1948 Boma la Britain, motsogozedwa pa nkhaniyi ndi nduna ya za umoyo Aneurin Bevan, linayambitsa National Health Service. Kuyambira tsiku limenelo munthu aliyense, wolemera kapena wosauka, anakhala ndi ufulu woonana ndi dotolo ndi kugona m'chipatala popanda malipiro. Ambiri anakhulupirira kuti m'badwo umodzi ukadzapita, kusiyana kwa imfa kudzatha. Ndipo nzoona kuti anthu onse anayamba kukhala ndi moyo wautali koposa makolo awo. Chimene chinadabwitsa nchakuti olemera anathamanga koposa osauka, kotero kuti mpata unatsala pomwepo, ndipo m'zaka zina unakula.

Mmodzi wa oyamba kunena poyera anali Dotolo Julian Tudor Hart, amene anagwira ntchito zaka zambiri m'mudzi wa okumba malasha wa Glyncorrwg ku Wales. Mu 1971 iye analemba m'magazini ya madotolo ya The Lancet kuti chithandizo chabwino chimachepa kumene chikufunika kwambiri, nichuluka kumene chikufunika pang'ono. Madotolo amakonda kukhazikika m'madera abwino. Wa m'dera losauka amakhala ndi odwala ambiri, aliyense ali ndi nthenda ziwiri kapena zitatu, ndipo nthawi yomvetsera imamuchepera.

Mu 1977 Boma linasankha komiti yotsogozedwa ndi Sir Douglas Black kuti ifufuze nkhani yonseyi. Komitiyo inapeza kuti mwamuna wogwira ntchito yamanja yopanda luso anali pa ngozi ya kufa asanafike msinkhu wopuma pa ntchito kawiri ndi theka koposa mwamuna wa ntchito yapamwamba, monga loya kapena dotolo. Inanenanso kuti gwero lake silinali m'chipatala kwenikweni, koma m'malipiro, m'nyumba, m'chakudya, m'maphunziro ndi m'makhalidwe a pa ntchito. Pamene lipotilo linamalizidwa mu 1980, Boma linali litasintha. Anasindikiza makope 260 okha, nawatulutsa pa masiku a tchuthi cha mwezi wa August, ndipo nduna Patrick Jenkin inakana malangizo ake ponena kuti angadye ndalama zoposa mapaundi 2 biliyoni pa chaka. Madotolo ndi atolankhani anafalitsabe zimene zinalembedwamo, ndipo lipotilo limatchulidwa kufikira lero.

MAKWERERO A M'MAOFESI

Anthu ena amati osauka amadzipha okha ndi fodya, mowa ndi zakudya zoipa. Yankho la mawu amenewa linachokera m'maofesi a Boma ku London. Kuyambira mu 1967 akatswiri anayamba kutsatira umoyo wa amuna ngati 18,000 ogwira ntchito m'Boma, pa kafukufuku wotchedwa Whitehall, amene pambuyo pake anamveketsa dzina la Michael Marmot. Amuna onsewa anali pa ntchito yokhazikika, olandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo panalibe wogona ndi njala. Koma patapita zaka khumi kunapezeka kuti a pansi penipeni, monga amesenjala ndi alonda a pakhomo, anali kufa katatu koposa akuluakulu a pamwamba. Chodabwitsa china nchakuti imfa zinatsata makwerero onse a maudindo: kalaliki anali kufa msanga koposa womuyang'anira, ndipo womuyang'anirayo msanga koposa mkulu wake.

Akatswiriwo atachotsapo mbali ya fodya, kunenepa ndi kuthamanga kwa magazi, anaona kuti zinthu zimenezi sizinafotokoze ngakhale theka la kusiyanako. Kafukufuku wachiwiri, woyamba mu 1985, amene anaphatikizamo akazi, analoza ku chinthu china: munthu amene alibe mawu pa ntchito yake, wongouzidwa chochita tsiku ndi tsiku, amadwala mtima koposa amene ali ndi mphamvu yolamula za tsiku lake. Sir Harry Burns, amene anali dotolo wa opaleshoni ku Glasgow Royal Infirmary asanakhale mkulu wa madotolo a Boma la Scotland kuyambira 2005 kufikira 2014, anafotokoza kawirikawiri kuti odwala ochokera m'madera osauka anali kuchedwa kuchira atachitidwa opaleshoni yofanana ndi ya anzawo. Iye anaphunzitsa kuti nkhawa yosatha, makamaka imene mwana amakula nayo m'nyumba yopanda mtendere, imafooketsa thupi kufikira ukalamba.

CHIMENE CHINACHITIKA KU GLASGOW

Umphawi uliponso m'mizinda yina ya Britain. Nanga chifukwa ninji Glasgow anaposa yonse? Mu 2010 David Walsh ndi anzake a bungwe la Glasgow Centre for Population Health anayerekeza mzindawu ndi Liverpool ndi Manchester, mizinda imene umphawi wake unali wofanana ndithu ndi wa Glasgow. Anapeza kuti imfa za anthu osafika zaka 65 zinali zochuluka mu Glasgow ndi 30 pa 100 iri yonse. Pafupifupi theka la imfa zoonjezerazo linachokera ku mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo odzipha okha analinso ambiri.

Mu 2016 akatswiri omwewo anatulutsa lipoti lina, atafufuza m'makalata akale a Boma. Zimene anapeza ziyenera kuwerengedwa ndi aliyense wokonza mizinda. Nkhondo yachiwiri itatha, mu Glasgow munali anthu oposa miliyoni imodzi, othithikana koposa a mzinda wina uli wonse waukulu m'Britain. Pofuna kuchepetsa kuthithikanako, Boma linamanga matauni atsopano kunja kwa mzinda, monga East Kilbride, imene inakhazikitsidwa mu 1947, ndi Cumbernauld, mu 1955. Cholinga chinali chabwino, koma posankha opita kumeneko anatenga amisiri aluso, achinyamata okwatira ndi ana awo, ndipo mafakitale atsopano anawatsata. Mu mzinda munatsala okalamba, odwala ndi opanda luso. Makalata akalewo anasonyeza kuti akuluakulu a ofesi ya Boma yoyang'anira Scotland anachenjezedwa za ngozi imeneyi, koma ntchitoyo inapitirirabe.

Otsalawo nawonso anasamutsidwa. Nyumba zakale zinagwetsedwa, ndipo anthu anatumizidwa ku malokeshoni akuluakulu a m'mphepete mwa mzinda, a Easterhouse, Drumchapel, Castlemilk ndi Pollok, kumene pachiyambi kunalibe masitolo okwanira ngakhale malo osonkhanira. Ena anaikidwa m'nyumba zosanja zazitali, monga za ku Red Road zimene zina zinafika nsanja 31. Nyumba zambiri zinamangidwa mofulumira, zinali zachinyezi, ndipo ndalama zozikonzera zinali zochepa. Mabanja amene anakhala moyandikana mibadwo itatu anamwazikana; agogo kwina, ana kwina, anansi kwina.

Pamwamba pa zonsezi panagwa ulova. Nkhondo yoyamba isanayambe, mtsinje wa Clyde unali kukhoma sitima imodzi mwa zisanu ziri zonse za pa dziko lapansi. Pofika 1971 kampani ya Upper Clyde Shipbuilders inagwa, ndipo antchito ake, otsogozedwa ndi Jimmy Reid ndi anzake, anakana kutuluka m'malo a ntchito. Fakitale ya makina osokera ya Singer ku Clydebank inatsekedwa mu 1980, ya magalimoto ku Linwood mu 1981, ndipo ng'anjo zazikulu za zitsulo za Ravenscraig zinazima mu 1992. Liverpool nayenso anataya ntchito zake, koma Glasgow analandira nkhonya imeneyi ali wofooka kale. Anyamata amene atate awo anali amisiri onyadira ntchito yawo anakula osaona ntchito, ndipo m'zaka za m'ma 1980 mankhwala a heroin analowa m'malokeshoni. M'badwo umenewo ndiwo unadzaza mabuku a imfa m'zaka zotsatira. Mu 2020 anthu 1,339 anafa ndi mankhwala ozunguza bongo m'Scotland, ndipo wa m'dera losaukitsitsa anali pa ngozi ya imfa yotere nthawi zoposa 15 pomuyerekeza ndi wa m'dera lolemera. Nyumba za ku Red Road zinagwetsedwa zonse pofika 2015, koma madzi akatayika saoleka.

ZIMENE BOMA LA SCOTLAND LACHITA

Sikuti akuluakulu anangopinda manja. Mu March 2006 Scotland anakhala woyamba m'Britain kuletsa kusuta fodya m'nyumba zosonkhanamo anthu, ndipo kafukufuku wa m'zipatala anapeza kuti ogonekedwa chifukwa cha nthenda yadzidzidzi ya mtima anachepa ndi 17 pa 100 iri yonse m'miyezi yotsatira. Mu 2012 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo loika mtengo wotsikitsitsa umene mowa ungagulitsidwire, pofuna kuthana ndi mowa waukali wotchipa. Opanga kachasu wa whisky anatsutsa lamulolo m'makhoti kufikira 2017, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 May 2018, pa mtengo wa mapeni 50 pa muyeso umodzi, umene unakwezedwa kufika 65 mu 2024. Kafukufuku wofalitsidwa mu The Lancet mu 2023 anayerekeza kuti imfa zobwera ndi mowa zinachepa ndi 13 pa 100 iri yonse poyerekeza ndi zimene zikanachitika popanda lamulolo, ndipo opindula kwambiri anali a m'madera osauka.

Mu 2009 Profesa Graham Watt anasonkhanitsa madotolo a m'zipatala zazing'ono 100 zotumikira anthu osaukitsitsa a m'Scotland, m'gulu lotchedwa Deep End. Kuchokera pa ntchito yawo, zipatala zina zinayamba kukhala ndi alangizi othandiza odwala pa nkhani za ngongole, lendi ndi ndalama za chithandizo cha Boma, pakuti kunaoneka kuti munthu wosagona tulo chifukwa cha ngongole sachira ndi mapiritsi okha. Mu 2021 Boma linayamba kupereka mapaundi 10 pa sabata kwa mwana aliyense wamng'ono wa m'banja losauka, ndipo mu November 2022 linakweza ndalamayo kufika mapaundi 25 ndi kuphatikizamo ana onse otere osafika zaka 16. Mu January 2025 anatsegula mu Calton momwemo nyumba yotchedwa The Thistle, yoyamba ya mtundu wake m'Britain, kumene ogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo amayang'aniridwa ndi anamwino kuti asafere m'tinjira. Nyumba imeneyi yautsa mkangano waukulu, pakuti ena amati ikulekerera choipa, pamene ena amati wamoyo yekha ndiye angathe kuleka.

Zipatso za ntchito zimenezi zimachedwa, ndipo zinthu zina zinali kukokera m'mbuyo. Ku England, Sir Michael Marmot anapereka lipoti mu 2010 lonena kuti anthu a m'madera osaukitsitsa anali kufa zaka 7 msanga koposa a m'madera olemera. Pobwereza kafukufukuyo mu 2020, anapeza kuti kukwera kwa zaka za moyo kunali kutaima pafupifupi m'dziko lonse, ndi kuti kwa akazi a m'madera osaukitsitsa zakazo zinali zitatsika. Iye analoza ku kudulidwa kwa ndalama za makhonsolo ndi za chithandizo cha mabanja kumene kunachitika m'zaka khumi zimenezo. Mliri wa Covid-19 utafika chaka chomwecho, unapha osauka mochuluka koposa olemera, ku England ndi ku Scotland komwe.

PHUNZIRO LAKE

Mbiri ya Glasgow ikuphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu. Chipatala chimalandira munthu nthenda itamugwira kale, koma zimene zimamutumiza kumeneko zimakonzedwa kwina: m'ofesi ya wogawa malo, m'manja mwa womanga nyumba, pa mpopi wa madzi, m'kalasi ya mphunzitsi ndi pa tebulo la wolemba antchito. Chisankho cha akuluakulu a m'zaka za m'ma 1950, cha amene asamuke ndi amene atsale, chinali kuonekerabe m'mabuku a imfa patapita zaka 60. Akale anati mmera mpoyamba, ndipo ena mwa akatswiri otchulidwa pano anavomerezana kuti ndalama yopindulitsa koposa ndi imene igwiritsidwa ntchito pa mwana asanayambe sukulu.

M'Malawi namonso Boma limapereka chithandizo chaulere kwa anthu wamba m'zipatala zake, ndipo ichi ndi chuma choyenera kuchisunga. Koma mizinda ya Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu ikukula mofulumira, ndipo zimene okonza mizinda asankha lero pa za malo, madzi ndi nyumba zidzaoneka pa msinkhu umene adzafike ana amene akubadwa tsopano. Chinthu china choyenera kutengera kwa anthu a ku Scotland ndicho kulimba mtima kwawo powerenga. Chiwerengero cha dziko lonse chimabisa zambiri, pakuti zaka za wolemera zimaphimba zaka za wosauka. Iwo anawerenga dera ndi dera, nalemba poyera zimene anapeza ngakhale zinali zochititsa manyazi, ndipo chifukwa cha ichi nduna, dotolo ndi khansala aliyense wa ku Glasgow amadziwa tsopano kumene ayenera kuyambira ntchito.